Mpando wa Amake Chifuniro

Khalani bwino, ndipo wina asandidule pakamwa mpaka nditamaliza. Ine nkhani za mizimu sindizikonda. Ku sukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti wakufa wapita kukadikira chiweruzo, ndipo mpaka lero ndimagwira zomwezo. Koma anatiphunzitsanso kuti mboni isachotsepo kapena kuwonjezerapo pa zimene yaona. Choncho ndinena zimene ndinaona m'galimoto ya hayala mumzinda wa Blantyre, tsiku la ukwati wa Chifuniro, mwana wa malemu mlongo wanga.

Mlongo wangayo anali munthu wamfupi, dzina lake Elube. Anakwatiwa ndi a Naisoni Chadzunda kwathu ku Dowa, ndipo anadya nawo umphawi zaka zambiri osadandaula. A Chadzunda ankayendetsa lole ya eni esiteti ya fodya, koma lamulo la pa esiteti silinkalola mkazi wa dalaivala kukwera kutsogolo, kotero ulendo wa Elube unali wa pakaliyala ya njinga. Mwana wake mmodzi yekhayo anamuphunzitsa ndi zitumbuwa. Tambala asanalire iye anali atasinja kale nthochi, mafuta ali pamoto. Anamwalira mwanayo ali ku koleji, ndipo chaka chisanathe bwino a Chadzunda anakwatira mayi wina wa ku Mponela, dzina lake Esinati.

Ndinene chilungamo, Esinati sanali munthu woipa. Anali waukhondo, wa Chigwirizano cha amayi a mpingo, wodziwa kulandira alendo. Chomwe chinkamudya ndi nsanje, ndipo ankachitira nsanje munthu amene ali m'manda. Zithunzi za Elube zinachoka pakhoma. Chiwaya cha zitumbuwa chinapita kukhola la nkhuku. Koma pakamwa pa anthu sanathe kusesapo, pakuti m'mudzi monse nyumbayo inkatchedwabe kwa amake Chifuniro, ndipo iye mwana ndi a Chadzunda analibe. Ndiye ukwati utamveka, Esinati anaika mtima wake wonse pa chinthu chimodzi: kuti tsiku limenelo anthu a m'tauni amuone akutsika kumpando wakutsogolo, duwa lili pachifuwa, akakhale pamalo a mayi wa mkwatibwi. Nzeru yobwereka galimoto inali yake.

"Mayi wa mkwatibwi satsika m'minibasi ngati wogulitsa tomato," anatero.

Tinafika ku Blantyre pa basi Lachisanu, tinagona kwa mbale wathu ku Chirimba, ndipo Loweruka m'mawa tinakatenga galimotoyo m'tauni. Akuchimuna anafuna kutipatsa munthu wodziwa misewu, koma a Chadzunda anakana.

"Ndayendetsa lole m'matope a ku Kasungu, fodya atadzaza mpaka kumwamba. Kagalimoto aka kangandivute chiyani?"

Kanali koyera, kotsika, kopanda kilachi, ndipo chichokereni pabwalo la eni ake phazi lawo lamanzere linkangoponda pansi pachabe kufunafuna chimene palibe. Esinati anakhala kutsogolo atavala suti yobiriwira. Ine, monga atsibweni a mwana, ndinakhala kumbuyo, chipewa pamaondo. Tchalitchi chinali ku Bangwe, kupitirira Limbe, ndipo anatiuza kuti ndi msewu umodzi wokha, sitingasochere.

Unali mwezi wa Julaye, chiperoni chitagwira mzinda. Kamvula kosanyowetsa bwino, nkhungu ili mbuu, magalimoto atayatsa nyali masana. Ine sindinaonepo chisokonezo chotere. Minibasi imaima pamene yafunira. Anjinga zamoto amalowa kumanja ndi kumanzere ngati ntchentche. Maroboti akuti ima, anthu akupita. Kuwonjezera apo linali tsiku la mpira ndiponso la maukwati, ndiye kulikonse mahutala. A Chadzunda anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, mphuno pafupi ndi galasi, akuyenda ngati akuperekeza maliro.

Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo. "Madala, imeneyo si ngolo! Ng'ombe mwazisiya kuti?"

"Mwamva?" anatero Esinati. "Ndimati ndine ndekha ndikuona."

"Mayi, ndisiyeni ndiyendetse."

Tisanafike patali kunamveka thapu, ndipo kabelu ka m'galimoto kanayamba kulira, tii, tii, tii. Mwini galimoto anali atatiuza kuti kabelu kameneka kamalira munthu wakutsogolo akapanda kumanga lamba. Tinayang'ana, lamba wa Esinati wamasuka. Anamanga, kanaleka. Titangodutsa chipatala chachikulu, thapu, wamasukanso.

"Galimoto zobwereka," anatero a Chadzunda. "Zinatha kale izi."

Esinati anamanganso, ndipo ulendo uno anagwirizira ndi dzanja. Kenaka ndinaona kuti akusendera kuchitseko pang'onopang'ono, mpaka phewa lake linagunda galasi.

"Bambo, mukundipanikiza."

"Ndikupanikizani ndi chiyani? Manja anga si awa?"

"Ndiye mpandowu wachepa bwanji? Pokwera paja ndinakwana bwinobwino."

Mawindo onse anali otseka chifukwa cha kuzizira, ndipo magalasi anachita nthunzi. M'menemo ndinamva fungo. Mafuta otentha, nthochi zakupsa, ndi kautsi ka nkhuni zosauma. Ndinapukuta galasi langa kuti ndione wogulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu, koma kunali mpanda wa njerwa basi. Nditakweza maso ndinakumana ndi maso a a Chadzunda pakagalasi koonera kumbuyo. Anali atamva nawonso. Ndipo Esinati anationa tikuyang'anana.

"Mukuyang'anana chiyani anthu inu?"

"Palibe, mayi."

"Palibe? Ine ndine mwana?"

Tinafika pa laundabauti ya pa Chichiri. Kwa amene simunafikeko, ndi bwalo lozungulira pamene misewu imakumana, ndipo aliyense amalowa molimba mtima n'kutulukira kumene akupita. A Chadzunda anadikira mpaka a kumbuyo anatopa kuliza mahutala, kenaka analowa maso atatong'ola. Pakona panali munthu wogulitsa nyuzipepala atavala chijasi chachikasu cha mvula. Tinamudutsa, tinaona chikwangwani cholozera ku Limbe, tinakhotera komweko. Ine ndinachiwerenga ndi maso angawa, ndipo kuwerenga ndimatha.

Tinayenda ndithu m'nkhungumo, kutsatira nyali zofiira za lole ina. Lole ija itapatuka, kutsogolo kwathu kunali laundabauti, ndipo pakona panali chijasi chachikasu.

"Alamu, mwabwerera," ndinatero.

"Sindinakhote paliponse."

"Safunsa anadya phula. Imani tifunse."

Wanyuzipepala uja anaseka, natilozera njira yomwe ija. "Molunjika, bwana. Ngakhale wakhungu amafika." Tinapita molunjika. Tinadutsa masitolo, malo omwetsera mafuta, mlatho wa anthu oyenda pansi. Ndinayamba kupuma bwino. Kenaka msewu unapindika pang'ono, ndipo tinamupezanso ali pomwe paja. Anatiseka mpaka kugwira mawondo. Koma titabweranso ulendo wotsatira sanaseke. Anayang'anitsitsa mpando wakutsogolo, nakweza nyuzipepala zake kuphimba kumaso.

Pamenepo m'galimoto munamveka kutsonya.

Kunali kutsonya kwakutali, kokoka, kothera m'kakhosomo kouma. Esinati anatembenukira kwa mwamuna wake nkhope itafiira.

"Mukutsonya ine? Wasocheretsa anthu ndi ine?"

"Sindinatsonye, mayi."

"Ndiye ndi alamu?"

Ine sinditsonya. Ndi khalidwe loipa, ndipo ana anga ndinawaletsa ndi chikoti. Koma ndinakula ndi munthu amene ankatsonya choncho akaona chinthu chaikidwa pamalo pamene si pake, ndipo mayi athu analephera kumuleketsa. Ndinanena Pemphero la Ambuye chamumtima, osadumpha liwu.

Foni yanga inalira. Anali Chifuniro.

"Atsibweni, muli pati? Abusa akuti pambuyo pathu pali maukwati ena, sadikira. Akuti mukachedwanso andipereke ndi mkulu wa mpingo wa konkuno."

Abusawo sindinawaone cholakwa. Nthawi ndi nthawi. Koma mwana wa mlongo wanga kuperekedwa ndi mlendo, bambo ake ndi atsibweni ake tili moyo mumzinda womwewo, chinali chamanyazi chosafufutika.

"Tili pafupi, mwanawe. Limba mtima."

Kenaka mawu a Chifuniro anasintha, anakhala ngati a kamwana.

"Atsibweni, watsokomolayo ndani?"

M'galimoto munalibe amene anatsokomola. Foni inaduka.

Titazunguliranso, wapolisi wapamsewu anatikwezera dzanja. Anali bambo wamkulu ndithu, chipewa chikudontha madzi. A Chadzunda anaima mokhotakhota, tayala limodzi pamwamba pa mwala wa m'mbali, natsitsa galasi.

"Bambo, mwakhala mukuzungulira pano ngati nkhuku yodwala chitopa. Komanso malamulo mumawadziwa? Kutsogolo kumakhala anthu angati?"

"Awiri, bwana. Ine ndi mayiwa."

"Nanga enawo? Kumbuyo malo alipo, inu n'kusanjikiza azimayi awiri pampando umodzi, akuluakulu otere?"

Anawerama kuti aone bwino. Anayang'ana Esinati, amene anali atapanikizika kuchitseko, theka la mpando lili lopanda munthu. Anayang'ana ine. Anaimirira, napukuta kumaso ndi chikhatho. Laisensi sanafunse.

"Pitani," anatero motsitsa mawu. "Kaya ndi nkhunguyi. Pitani, bambo."

Koma a Chadzunda sanachotse galimoto, pakuti Esinati anali akupapasa pachifuwa pake.

"Duwa langa. Duwa langa lili kuti?"

Linali duwa loyera la nsalu, lija amavala makolo a akwati, ndipo ndinamuona ndi maso anga akulibaya pa suti yake ku Chirimba. Anafufuza pamiyendo, m'chikwama, pansi pa mapazi. Atawerama chotero, msana wake unachoka pampando, ndipo ine wokhala kumbuyo ndinasuzumira kuti ndimuthandize. Duwa lija linali pa chotsamira cha mpandowo, chakumbali ya a Chadzunda, pamsinkhu wa chifuwa cha munthu wamfupi. Silinagwerepo. Linali lobayidwa bwinobwino, phini atalowa ndi kutuluka, mowongoka.

Esinati analiyang'ana nthawi yaitali. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anatembenuka n'kuyang'ana ine, osati mwamuna wake.

"Alamu, inu simunama. Anthu onse amadziwa. Ndiuzeni, bambowa munawasudzula?"

Achinyamata a masiku ano mwina simudziwa. Kwathu munthu akaferedwa mkazi sangonyamuka n'kukakwatira kwina. Maliro akazizira amabwera kwa eni mbumba, timakhala pansi, timamuthokoza chifukwa chosunga mbale wathu, timamuika kandalama m'manja n'kumuuza kuti wamasuka. Palibe za mowa kapena za ng'oma, ndipo ngakhale amishoni sanaletse. Ndi dongosolo chabe, kutseka chitseko chimodzi usanatsegule china. Ine monga mwini mbumba ndinawaitana a Chadzunda kangapo konse. Ankati abwera akakolola. Atakolola anati abwera akagulitsa. Kenaka ndinangomva kuti ku Mponela kwachitika ukwati.

"Mayi," analowerera a Chadzunda, "zimenezo ndi zachikunja. Ife ndife Akhristu."

"Sindikufunsa inu. Inu munandiuza kuti zinatheka. Alamu?"

"Sanabwere," ndinatero.

"Munawaitana?"

"Ndinawaitana."

Kabelu kaja kanayambanso, tii, tii, tii. Lamba anali atamasuka, dzanja la Esinati lili pomwepo. Kunja mdipiti wa ukwati wina unadutsa, atsikana atatulutsa mitu m'mawindo akululutira.

"Ndiye kuti ine ndakhala ndikusesa m'nyumba ya mwini," anatero Esinati. "Ndimachotsa zithunzi, mwini wake akundiyang'ana."

"Mayi, nthawi yatha. Mwana akudikira," anatero a Chadzunda.

"Mwana wa yani?"

Ndinaona kuti zikapitirira apa ukwati utiphonya, ndiye ndinalankhula ndi Esinati, ndipo ndinayesetsa kulankhula mwaulemu.

"Alamu anga, ine sindikudziwa chimene chili m'galimoto muno, ndipo sindifuna kuchitchula. Koma mwaona nokha kuti mmene takhaliramu sitifika. Bwerani mukhale ndi ine kuno. Tikafika, zina tikakambirana monga anthu akuluakulu."

Ndinkayembekeza kuti akana. Koma anatsegula chitseko, natuluka m'kamvula kaja, nalowa kumbuyo. Suti yake inali itachita madontho. Anakhala mowongoka, chikwama pamaondo.

"Si chifukwa cha iwowo," anatero. "Ndi chifukwa cha mwanayo. Sanandilakwire."

Mpando wakutsogolo unatsala wopanda munthu, koma kabelu sikanaleke. Tii, tii, tii. Ndipo apa ndi pamene a Chadzunda anachita chinthu chimene ndikanakonda akanapanda kuchita pamaso pa mkazi wawo. Anatambasula dzanja, nakoka lamba uja pang'onopang'ono, mosamala ngati akuopa kukola nsalu ya munthu, nammanga. Kabelu kanati zii. Kenaka anati, ndi mawu amene ine sindinawamve chimwalirire mlongo wanga:

"Mwakhala bwino, amake Chifu?"

Ndinamva Esinati akukoka mpweya pambali panga.

Galimoto inachoka myaa. Munthu uja amene ankanjenjemera pa laundabauti analowa ngati wobadwira ku Ndirande, natuluka. Chijasi chachikasu sitinachionenso. Nkhungu inayamba kupepuka. Tinalowa mu Limbe, m'chipwirikiti cha minibasi ndi ogulitsa malonda, ndipo iwo ankapita pakati pake mosavuta. Sanafunse njira kwa munthu. Pamphambano ankapendeketsa mutu kumanzere, ngati akumvetsera, n'kugwedeza, n'kukhota. Mapewa awo anatsika. Penapake anaseka pang'ono, kaseko ka munthu amene wauzidwa kanthu m'khutu. Pagalasi la mbali ya mpando uja, pamene panali nthunzi yokhayokha, panaoneka malo opukutidwa, kukula ngati chikhatho, pamsinkhu woti munthu wamfupi aonere kunja.

Esinati sankayang'ana galasilo. Sankayang'ananso mpando. Maso ake anali pankhope ya mwamuna wake pakagalasi kaja, ndipo sanawachotsepo mpaka ku Bangwe.

"Taonani, alamu," anandinong'oneza. "Taonani mmene akusekerera. Ine chikwatiwire nkhope imeneyi sindinaionepo. Ndimayesa ndi mmene analengedwera."



Tinalowa pabwalo la tchalitchi kwaya itayamba kale. Mkwatibwi anali pakhomo, azimayi akumugwirira chovala kuti chisakhudze matope, ndipo atationa anaika manja kumaso. A Chadzunda anazimitsa galimoto, natuluka, nakonza jekete. Ndinayesa abwera kumbuyo. Anazungulira kutsogolo, natsegula chitseko cha mpando uja, namasula lamba, naima pambali atagwira chitsekocho, mutu woweramitsa, kwa nthawi yokwana munthu wosazolowera galimoto kutsika.

Esinati anadzitsegulira yekha. Anaima pamatope, natsegula chikwama chake mmene munali ndalama zosinthasintha zokaponya pa perekaniperekani, nasankhamo kandalama kachitsulo. Anapita pamene panaima mwamuna wake.

"A Chadzunda."

Sanawatchule bambo. Iwo anatembenuka ngati munthu wodzutsidwa kutulo.

"Tambasulani dzanja."

Anatambasula. Anawaika kandalama kaja m'chikhatho, nawapinda zala ndi manja ake onse awiri.

"Akanakhala mkazi mnzanga wamoyo, bwenzi lero tikukokana tsitsi pabwalo pano, ndipo ndikanapambana. Koma awa sindingawathe, chifukwa si iwo okha akukakamira. Munandisunga bwino, sindinagone ndi njala. Zikomo. Poti kwa eni mbumba munakana kukamasulidwa, ndakumasulani ndine. Alamu, mwaona, ndinu mboni."

"Mayi, anthu akuona. Tiyeni tilowe, tikambirana madzulo."

"Lowani. Akukudikirani. Musawaimike pamvula, adwala chifuwa."

Anapita kwa Chifuniro, namukonzera nsalu ya kumutu imene inali itapotoka, namuuza mawu amene ine sindinamve. Kenaka anatuluka pachipata. Ndinamuona akufunsa mayi wina wogulitsa makala kumene amakwerera minibasi za ku Wenela, kudepoti ya mabasi, ndipo anatsikira kumsewu, nsapato zake zazitali zikumira m'matope. Ali kwawo ku Mponela mpaka lero.

A Chadzunda anamupereka mwana wawo m'nthawi yake, ndipo abusa sanadandaule. Atatha anabwera kubenchi lakutsogolo, la makolo, kumene ine ndinali nditakhala kale. Anakhala pansi, kenaka anasendera, nasiya malo a munthu mmodzi pakati pa iwo ndi ine. Tchalitchi chinali chodzaza, anthu ataima m'makoma. Wothandiza kukhazika anthu anabwera nandinong'oneza kuti, "Bambo, senderani pamenepo, ena akhale."

Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndakuuzani kale zimene ndimakhulupirira. Ndinamuuza kuti apite akafune malo kwina.